Levulo ya Alamu ndi Keke Yopanda Ukwati

Mng'ono wanga anayenda m'misewu ya tauni yathu pafupifupi Loweruka lililonse kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma misewuyo sankaiona. Maso ake analibe vuto ayi. Ankakhala pa mpando wakumbuyo, pamiyendo atasanjika katoni ya keke yaukwati yotalika kupitirira mutu wake, ndiye chimene ankaona ulendo wonse ndi katoniyo basi. Njira ankaidziwa ndi msana. Ankatha kunena kuti, "Apa tafika pasukulu," chifukwa cha mahampu atatu a pamenepo, kapena, "Uku ndi kwa ogulitsa matayala," chifukwa cha dzenje limene lakhala pakona imeneyo chiyambire mvula ya mu Febuluwale 2004.

Anabadwa Lamulungu, pa 9 Malichi 1958, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pa 6 Juni 1981 anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ukalipentala. Alamu angawo ndi munthu wofatsa, wosamwa, wosakweza mawu, koma sakhulupirira chinthu chimene sanachiyeze. Kulikonse amayenda ndi levulo yawo yachikasu, kachitsulo kaja kokhala ndi kathovu m'madzi kamene amisiri amaonera ngati chinthu chakhala chowongoka. Akabwera kwanga, tiyi amazizira iwo akuwongola zithunzi pakhoma. Ana onse amene anadutsa m'manja mwawo amakumbukira mawu amodzi amene ankawanena tsiku lililonse, chala chili m'mwamba: "Musanayeze chinthu, yambani mwayeza pamene chakhala." Ife a pabanja tinawamva mawuwa mpaka makutu kuchita dzanzi.

Keke yoyamba mng'ono wanga anaiphika pa 15 Ogasiti 1992. Mwana wa oyandikana nawo nyumba ankakwatiwa, ndipo amene analonjeza keke anazimiririka kutatsala masiku atatu. Kekeyo inali ya nsanjika ziwiri, yopendekera pang'ono kumanzere. Alamu anaiyeza, napala kamtengo, nakalowetsa pansi pa thabwa, keke n'kuima njo. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake la ubatizo linasowa. Aliyense, ngakhale adokotala, amangoti aNakeke.

Ntchito yake ili ndi ndondomeko yosasintha. Lachitatu amaphika, Lachinayi makeke amazizira ndipo palibe wololedwa kutsegula zenera, Lachisanu amapaka kirimu n'kuumba maluwa a shuga, Loweruka m'mawa amanyamuka. Buti ya galimoto yawo yakale inali yaifupi, keke sikanaima m'menemo. Motero iye ankalowa kumbuyo, alamu n'kumukhazika katoni pamiyendo, n'kutseka chitseko ngati akutseka pa khanda logona. Kuchokera kuseri kwa katoniyo kunkangomveka mawu: "Pang'onopang'ono, abambo!" Alamu sanapitirirepo giya yachiwiri. A njinga ankawadutsa, kuwapatsa moni, kufunsa za kunyumba, n'kupitirira. Magalimoto a kumbuyo ankaliza hutala mpaka kutopa, koma alamu anali ataphunzira kale kusamva.

M'kabuku kanga, kamene ndimalembamo masiku ndi zochitika za pabanja, ndinawerenga makeke chikwi chimodzi ndi zana limodzi kudza khumi ndi anayi. Sanagwetsepo ngakhale imodzi. Maukwati ena mwa amenewo anatha, koma palibe umene unathera keke.

Pa 16 Sepitembala 2023, pa hampu yachiwiri ya pasukulu, dzanja lake lamanja linangosiya lokha. Keke inatsamira katoni, mbali imodzi n'kuphwanyika. Atafika ku holo anakonza m'khitchini, anaphimba chilondacho ndi maluwa, nachitembenuzira kukhoma. Pa ukwati palibe amene anadziwa. Koma masana a tsikulo anabwera kwanga, ndipo nditampatsa tiyi kapu inkalira pa sosala. Lachiwiri pa 19 adokotala anati ndi nyamakazi. Kuphika angathe, kupaka angathe, koma kugwirira katundu wolemera theka la ola pa msewu wa mahampu, zimenezo zatha.

Lamulungu pa 24 ana anaitanitsa msonkhano. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anayamba ndi mawu ofewa aja amene amawagwiritsa ntchito asanabaye munthu jakisoni.

"Amayi, mwagwira ntchito mokwanira. Pumani. Ife tilipo."

"Ndipume ndizichita chiyani? Ndiziyang'ana bambo ako akuyeza makoma?"

"Mutha kumasamala maluwa."

"Maluwa ndimaumba ndekha, ndipo anga amadyedwa."

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza mkamwini, mwamuna wa namwinoyo, amene amagwira ntchito ya makompyuta ndipo amakonda kuthetsa nkhani, anabweretsa nzeru. Agulitse galimoto yakale, ana awonjezerepo, agule imodzi mwa zazing'ono zazitali miyendo zija achinyamata amati ma SUV, zokhala ndi chitseko chachikulu kumbuyo, kuti keke izikwera yokha popanda woigwira. Namwino anavomera, koma anaika malire. Panali keke ya nsanjika zisanu imene amayi ake anali atalonjeza kale ya pa 4 Novembala. Galimoto yotero ikapanda kupezeka tsikulo lisanafike, ntchitoyo aipereke kwa mayi wina wa kuseri kwa msika, ndipo uvuni utsekedwe mpaka kalekale. Mng'ono wanga amati makeke a mayi ameneyo amakoma ngati siponji yotsukira mbale, choncho anavomera panganolo mano atakukuta.

Lachinayi pa 12 Okutobala tinapita kogulitsa magalimoto, anthu anayi: iye, alamu, mkamwini ndi ine. Bwalo lake ndi lalikulu, lakonkire, magalimoto onse atafola mizere, mphuno zitaloza kumsewu. Kuchokera pageti kukafika ku ofesi bondo langa linadandaula, koma bondo langa limadandaula kulikonse, ndiye sindinalimvere. Wogulitsa anatichingamira. Ndi bambo wamfupi, wa mimba yabwino, wovala tayi yotambalala ngati mkeka, ndipo anzake onse amamutchula kuti a Tayi.

Pa ndalama imene inalipo panali magalimoto awiri, oimikidwa moyandikana. Ina yofiira, yowala, maso otsinzinira ngati mphaka wokhuta. Ina ya mtundu wa phulusa, nkhope ngati chule wokwiya, kumbuyo kwa makona ngati filiji. Chaka chopangidwa chimodzimodzi, injini zofanana kukula, ndipo kusiyana kwa mtengo sikukanagula ngakhale matumba awiri a fulawa.

Mkamwini anali atakonzeka. Anatha milungu iwiri akuwerenga pa foni, ndipo anaima pakati pa magalimotowo ngati loya.

"Amayi, yofiirayi imamwa mafuta pang'ono kuposa inayi. Ili ndi kamera yoonera kumbuyo. Ili ndi sikirini yolumikiza ku foni. Ndipo tsiku lodzaigulitsa, ogula adzachita kulimbirana."

"Tisanagule mwayamba kale kugulitsa, akamwini?"

A Tayi anaseka mpaka tayi kuvina pamimba.

"Asiyeni, amayi, onse amabwera choncho. Ine ndagulitsa magalimoto zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Munthu amalowa pageti apo ndi mapepala a injini, a mafuta, a chiyani. Koma pogula amagulira china. Mwezi watha bambo wina anatseka zitseko za magalimoto awiri ngati awa kakhumi ndi kamodzi, khutu lili tcheru. Anatenga imene inkalira kuti bhu, akuti inayo ikulira kuti phwa ngati chitini. Mayi wina anaikonda yofiira mpaka kujambulitsa nayo, kenako anatenga yaphulusa chifukwa mnzake wa ku ofesi ali ndi yofiira, ndiye anthu angati akutsanzira. Wina wamfupi ngati ine anasankha imene akakhala pansi amaona mphuno yake. Za injini anafunsa atalipira kale."

"Palibe amene amagula mwanzeru?" anafunsa mkamwini.

"Alipo, achimwene. Wina anabwera ndi apongozi ake, mayi wathupi ndithu. Anawakweza m'magalimoto onse awiri. Anagula imene apongoziwo analephera kukwera."

Mkamwini anayamba kuyang'ana nsapato zake, ndipo anaziyang'ana kwa nthawi yaitali.

Mng'ono wanga sanatsegulitse injini, sanakhudze chiwongolero, sanayang'ane sikirini. Anazungulira n'kukaima kumbuyo.

"Tatsegulani kuno. Pindani mipando iyo. Thabwa la keke yaikulu ndi lalitali, lifunika malo onsewa."

A Tayi anapinda mipando yakumbuyo m'magalimoto onse awiri. Apa ndiye alamu anasolola levulo m'thumba la jekete, naipukuta ndi mpango. Anaiika pansi m'galimoto yofiira. Kathovu kanagwedezeka pang'ono, n'kukhazikika pakati penipeni ngati mwana womvera. Anapita ku yaphulusa. Kathovu kanathawira kumapeto n'kukakamira komweko.

"Nkhani yatha," anatero alamu. "Yofiira ndi yowongoka. Iyi ndi chitunda. Mukaikamo keke, ikafika ku holo ili phala."

Mkamwini anaomba m'manja. Anaimbira foni mkazi wake, ndipo tonse tinamva namwino akukuwa ndi chimwemwe, chifukwa iye ankafuna yofiira kuyambira kale, akuti imatuluka bwino pa zithunzi. A Tayi anathamangira mapepala. Cholembera chawo chinagwa, n'kugubuduka chokha mpaka pafupi ndi geti, iwo akuchilondola.

"Dikirani," anatero mng'ono wanga. "Keke sinanenepo maganizo ake."

"Keke iti, amayi?"

"Imene izidzakwera. Tibwera nayo Lachiwiri."

Alamu anakhumudwa. "Amayi, levulo sinama."

"Sindikuti imanama, abambo. Koma levulo yanuyo inanyamulapo keke?"

Kunyumba alamu anayesa kuchepetsa ntchito. Anati angodzaza mabuku m'katoni, kulemera kukhale kofanana. Iye anati mabuku sachita thukuta, sanjenjemera, ndipo alibe nsanjika. Anaphika keke yeniyeni ya nsanjika zitatu, ya mazira makumi atatu, kirimu woyera, maluwa apinki, ndipo pamwamba anaimikapo tizidole tiwiri, mkwati wa suti yakuda ndi mkwatibwi wa chophimba kumaso. Pa makeke ake onse, imeneyi yokha ndi imene inalibe ukwati.

Lachiwiri pa 17 Okutobala, nthawi ili 9:20 m'mawa, tinalowa nayo pageti. Otsuka magalimoto anasiya mapaipi, alonda anaimirira, mayi wa mu ofesi anatuluka akululutira.

"A Tayi, mwayambanso? Ukwati wachitatu umenewu?"

"Si wanga, anthu inu! Ndi kasitomala!"

Mng'ono wanga anapereka malamulo. Keke ikwera m'galimoto yofiira, pa thabwa lake, popanda katoni, kuti ioneke. Alamu ayendetsa. Iye akhala kutsogolo, ndipo sacheuka kapena kutambasula dzanja mpaka kukafika, chifukwa cholinga chonse ndi kuona ngati keke ingayende yokha. Ife atatu, mkamwini pa chiwongolero, a Tayi pambali pake, ine kumbuyo, titsatira pa galimoto ya mkamwini n'kumaonera pa galasi lakumbuyo. Njira ndi ya masiku onse: mahampu a pasukulu, dzenje la kwa a matayala, kenako chitunda chokwera ku holo yaikulu.

Zimene zinkachitika m'galimoto yofiira anandifotokozera alamu pambuyo pake, mutu ali pukusepukuse. Mkazi wawo anali asanakhalepo kutsogolo pa ulendo wa keke, ndipo maulendo ena sayenda kawirikawiri, msika ndi tchalitchi zili pafupi. Atangotuluka pageti anayamba.

"Chinyumba ichi anamanga liti?"

"Mu 2009."

"Osandiuza bwanji? Nanga mtengo waukulu unali apa uja?"

"Anadula kalekale."

"Abambo, kodi masiku onse mumayenda pakati pa msewu chonchi? Sunthirani uko. Mukumuona wa njingayo? Akutidutsa! Wanyamula matumba awiri a makala, koma akutidutsa!"

"Si inu mumati pang'onopang'ono?"

"Ndinkanena ndisakuona. Sindinkadziwa kuti timachititsa manyazi chonchi."

Ife kumbuyo tinkaona zina. Pa hampu yoyamba keke inasuntha pang'ono, mwina chala chimodzi, kubwera chakumbuyo. A Tayi anati ndi maso athu. Pa hampu yachiwiri inasunthanso. Pa yachitatu mkwati ndi mkwatibwi anayamba kuoneka bwino nkhope. Pa dzenje la kwa a matayala anagwedezeka ngati akutipatsa moni. Titayamba kukwera chitunda, keke yonse inanyamuka pang'onopang'ono kutilondola, ngati ili ndi mawu ofuna kutiuza.

"Lizani hutala, akamwini!" ndinakuwa.

Mkamwini analiza. Analizanso. Anayatsa magetsi, a Tayi anatulutsa mkono pazenera n'kumakupiza tayi. Tsiku lina lililonse m'zaka makumi atatu ndi chimodzi alamu sakanamva n'komwe. Koma tsikuli pambali pawo panali munthu woona.

"Mwamva? Ngakhale mkamwini watopa nanu. Pondani mafuta, abambo!"

Ndiye pa 17 Okutobala 2023, nthawi ili 9:52, alamu anga analowetsa giya yachitatu. Galimoto yofiira inalumpha ngati mbuzi yomasulidwa. Keke inamaliza ulendo wake nthawi imodzi. Tinangoona galasi lonse layera, pakati pake nkhope ya mkwati itakanikizika, akutiyang'ana. Mkwatibwi anasowa.

"Mayo, galasi langa," anatero a Tayi motsitsa mawu.

Pa holo pali bwalo loimikapo magalimoto, lakonkire yosalala. Tinaima pamenepo. Mkamwini anatsegula chitseko chakumbuyo pang'onopang'ono, a Tayi atatchera manja pansi. Nsanjika yapamwamba inatsala pagalasi, yapakati inali itatsetsereka, yapansi yokha ndi imene inali ndi ulemu wake. Mkwatibwi tinamupeza chadodolido m'kona.

Palibe amene anaseka. Mng'ono wanga anaima n'kuyang'ana, manja ake awiri atawagwirizanitsa pamimba. Anadziwa chimene chinatanthauza. Ngati galimoto yowongoka yachita chonchi, nanga yachitunda ija ikanatani? Ndipo ndalama yogulira ya mtengo woposa apa panalibe.

"Achemwali," anandiuza osandiyang'ana, "lembani tsiku. Uvuni ndatseka. Akamwini, muwauze akazi anu kuti apambana."

Kabuku ndinali nako m'chikwama, koma sindinakatulutse.

Alamu sanavomere. Anati vuto ndi thabwa, analipaka vanishi wambiri. Anati mwina ndi matayala. Anati galimoto ndi yowongoka, anayeza okha pamaso pa mboni, ndipo ayezanso kuti aliyense aone. Anasolola levulo, anakankhira nyenyeswa pambali, naiika pamalo omwe aja.

Kathovu kanathawira kutsogolo n'kukabisala kumapeto.

Anaitembenuza levuloyo. Kathovu kanathawiranso komweko. Anaigogoda ndi chala, anaipukuta, anaiuzira mpweya. Kenako anagwada, mawondo akulira, naiika pa konkire ya bwalo la holo. Kathovu kanakhala pakati, phee.

Atadzuka anatembenukira kwa wogulitsa.

"A Tayi. Bwalo lanu lija."

"Bwana?"

"Ndi lowongoka?"

"Lathu lija? Ayi, bwana, limatsetserekera kumsewu, kuti madzi otsukira magalimoto azituluka. Aliyense amadziwa. Simunaone njerwa zimene timaika kutsogolo kwa matayala?"

Apa zonse zinamveka. M'galimoto yofiira, mipando ikapindidwa sigona bwino, imatukuka chakutsogolo, ndiye katundu amatsetserekera kuchitseko. Koma pabwalo la a Tayi inaima mphuno itaweramira kumsewu, kutsetsereka kwa bwalo n'kubisa kutukuka kwa mipando, levulo n'kuona ngati zonse zili bwino. Yaphulusa ija, imene pansi pake ndi powongoka, inaoneka yopendekeka chifukwa cha bwalo lomwelo. Levulo sinaname. Inangofunsidwa funso pamalo olakwika.

Mng'ono wanga anamasula manja ake. Anakweza chala chimodzi m'mwamba, nakhwimitsa mawu ngati a mwamuna.

"Musanayeze chinthu..."

"Amayi, chonde."

"...yambani mwayeza pamene chakhala. Zaka makumi anayi ndi ziwiri, abambo! Pa chakudya, pa maliro, ngakhale tsiku limene ndinkapita kukachira mwana munayeza bedi la kuchipatala!"

Mkamwini anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi, napita kukatsokomolera kuseri kwa galimoto. Alamu anabweza levulo m'thumba mwakachetechete ngati munthu wobisa mwana amene waswa mbale kwa eni.

Mng'ono wanga anali atatsegula kale chikwama chake. Mumakhala mpeni wopakira kirimu, nsalu yonyowa m'kapepala ka pulasitiki, ndi timitengo tolumikizira nsanjika. M'mphindi makumi awiri keke inaimanso. Sinali yokongola, inkaoneka ngati yabwera kuchokera ku ndewu, koma inaima. Mkwati anathothoka mphuno. Mkwatibwi anamupukuta n'kumubwezera pambali pa mwamuna wake.

Panatsala funso la mmene ibwererere kwa a Tayi. M'yofiira sikanakweranso, ndipo mwini wake sakanaigwira. Maso onse anagwera mkamwini. Anakhala pa mpando wakumbuyo wa galimoto yake yomwe, thabwa pamiyendo, kirimu pafupi ndi mphuno, a Tayi akuyendetsa. Ine ndinali kutsogolo. Pa dzenje ndinamva kubuula. Pa mahampu ndinamva mawu ochokera kuseri kwa keke: "Pang'onopang'ono, a Tayi!" Titafika anamuchotsera thabwa, koma mikono yake inatsala ili chitambasukire ngati akudikira kuti amupatse mwana.

"Amayi," anatero, "zaka makumi atatu ndi chimodzi?"

"Ndipo yanuyi ndi ya nsanjika zitatu zokha."

Nthawi ili 11:15 keke inakwera yaphulusa. Alamu anatenga choko n'kulemba mzere kuzungulira thabwa. Tinadutsa njira yomwe ija. Mahampu atatu, dzenje, chitunda. Mkwati wopanda mphuno anaima nji, osatiyandikira, osatithawa. Pa chitunda alamu analowetsanso giya yachitatu, mwadala tsopano. Titafika ku holo anayang'ana mzere wa choko, anatulutsa tepi, nalengeza kuti thabwa lasuntha zosakwana kunenepa kwa chikhadabo. Asanalengeze anayamba ayeza konkire.

Mkamwini anayesa komaliza, koma mopanda mphamvu.

"Kungoti ilibe kamera yoonera kumbuyo, amayi."

"Kumbuyo ndakhalako moyo wanga wonse, akamwini. Kulibe chachilendo."

Namwino anaimba foni kufunsa ngati yofiira yatheka. Atamva kuti ndi yaphulusa, ya nkhope ya chule ija, anafunsa ngati manja a amayi ake ali bwino, ndipo atauzidwa kuti sanagwire kanthu tsiku lonse koma mpeni wa kirimu, anati chabwino, pangano ndi pangano.

Mapepala anasainidwa nthawi ili 12:40. Keke inadulidwa pa tebulo la mu ofesi, ndipo otsuka magalimoto, amene anali ndi ntchito yochotsa kirimu pagalasi la yofiira, analandira zidutswa zazikulu. A Tayi anapempha mkwati wopanda mphuno uja, ndipo mpaka lero ali pa desiki lawo. Ndikumva kuti munthu akalowa ndi mapepala a injini ndi mafuta, amamulozera kachidoleko n'kuyamba nkhani. Yofiira inagulidwa pa 26 Okutobala ndi mayi wina amene anati ikufanana ndi sofa yake.

Loweruka pa 4 Novembala keke ya nsanjika zisanu inafika ku holo nthawi ili 10:40, mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu msanga kuposa kale lonse, duwa lililonse lili pamalo pake. Uvuni ukuyakabe Lachitatu lililonse, ndipo masiku a Loweruka ndi odzaza mpaka kumapeto kwa Epulo.

Vuto latsala limodzi. Manja amene agwira katoni zaka zonsezo sadziwa kukhala opanda kanthu. Galimoto ikayandikira hampu, amafunafuna chogwira, ndipo chimene chili pafupi ndi bondo lamanzere la alamu. Adokotala anati manjawo afooka, koma alamu akuti adokotalawo abwere adzakhale pa chiwongolero. Pa 10 Disembala anabwera kwanga, anapinda buluku, nandionetsa timadontho tinayi takuda pamwamba pa bondo ndi kamodzi m'mbali.

"Alamu," anatero kwa ine, "tamulankhulani mng'ono wanu. Mwina azikhalanso kumbuyo."

Ndinawakumbutsa kuti kumbuyo kulibenso mpando, anapinda okha. Anaganiza pang'ono, anatsitsa buluku, namwa tiyi wawo akadali wotentha. Chithunzi cha pakhoma chinali chitapendekeka chiyambire Lachinayi, koma sanachikhudze.